Mbiri ya Koko: Wolima Ndani, Wakumwa Ndani?

M'masitolo a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, chokoleti timachiwerengera m'gulu la zakudya za ana. Ndi chija bambo amabweretsa akachokera ku Lilongwe, kapena chija wachibale wochokera ku Joni amatulutsa m'chikwama ana atamuzungulira. Ufa wa koko nawo timauona m'zitini, ndipo mabanja ena amauthira mumkaka kapena m'keke ya tsiku la Idi. Ndi ochepa mwa ife amene anauonapo mtengo umene zinthu zimenezi zimachokera. Komatu njere ya mtengowo inakhalapo ndalama yogulira ndiwo pamsika, inakhalapo msonkho umene mafumu ankatolera ndi mikondo, ndiponso inachititsa kuti anthu zikwizikwi a mu Africa achotsedwe kwawo osabwererako. Tikaitsata mbiri yake kuyambira pachiyambi, pali funso limene silitisiya: kodi ankalima anali ndani, nanga ankamwa anali ndani?

Mtengo wofuna kuleredwa

Mtengo wa koko kwawo ndi m'nkhalango zowirira za ku South America, kumtunda kwa mtsinje wa Amazon. Allah anaulenga kuti uzimera pansi pa mitengo ina ikuluikulu, pamthunzi, m'malo otentha ndi achinyezi chaka chonse. N'chifukwa chake umalimidwa m'mayiko oyandikana ndi mzere wa ikweta okha. Umafuna mvula ya mamilimita pakati pa 1,500 ndi 2,000 pachaka, yogwa mogawikana bwino, ndipo chilimwe chikapitirira miyezi 3 mtengowo umafooka. Mphepo yamphamvu imauyoyola masamba, kuzizira kumaupinimbiritsa.

Mlimi wa koko safesa njere youma monga timachitira ndi chimanga. Njereyo ikatuluka m'chipatso imataya moyo m'masiku ochepa, choncho imadzalidwa ikadali yaiwisi m'timachubu ta panazale yofoleredwa. Pakatha miyezi 4 mpaka 6, mbande zimawokeredwa kumunda motalikirana mamita 3, ndipo hekitala imodzi imalowa mitengo pafupifupi 1,100. M'mundamo mumayamba mwadzalidwa nthochi ndi chinangwa kuti mbande zipeze mthunzi, ndipo banja limadya zimenezo podikira zipatso zoyamba, zomwe zimabwera pakatha zaka 3 mpaka 5. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha; wopupuluma ulimi umenewu sangauthe.

Umodzi mwa mitengo yopereka mthunzi wokhalitsa m'minda ya koko timaudziwa bwino kuno. Gilirisidiya, amene alangizi a zaulimi amatilimbikitsa kudzala pakati pa chimanga kuti abwezeretse chonde m'nthaka, kwawo ndi ku Mexico ndi ku Central America. Kumeneko amamutcha madre de cacao, kutanthauza mayi wa koko, chifukwa kuyambira kalekale ndiye ankafungatira mitengo ya koko ku dzuwa.

Maluwa a koko ndi ang'onoang'ono ngati chikhadabo cha mwana, ndipo saphukira kunsonga za nthambi. Amatuluka pathunthu penipeni ndi panthambi zikuluzikulu, monga momwe nkhuyu zimaberekera pamkuyu. Amene amanyamula mungu wake ndi timantchentche tating'onoting'ono toswana m'masamba owola pansi pa mitengo. Mlimi akasesa munda wake kuti mbee, kapena akapopera mankhwala mosasamala, ndiye kuti wathamangitsa antchito amene Allah anam'patsa kwaulere. Ngakhale m'munda wosamalidwa bwino, maluwa amene amasanduka zipatso sapitirira 5 pa 100 alionse.

Chipatso chimatenga miyezi 5 kapena 6 kuti chipse. Kukula kwake ndi ngati papaya wamng'ono, khungu lake ndi lokhuthala, lamizeremizere, lachikasu kapena lofiirira. M'kati muli njere 30 mpaka 40 zokutidwa ndi mnofu woyera wotsekemera mowawasira. Pokolola, mlimi amadula ndi mpeni mosamala, osazula ndi manja, pakuti pamene chipatso chamerapo ndi pomwe maluwa a nyengo yotsatira adzatulukire.

Njere yongotuluka kumene m'chipatso ndi yowawa, ndipo fungo la chokoleti ilibe. Fungolo limabadwa pa ntchito ziwiri zimene zimachitikira kumudzi komweko. Yoyamba ndi kuvundika. Njere pamodzi ndi mnofu wake zimaunjikidwa pamasamba a nthochi n'kuphimbidwa ndi masamba ena kwa masiku 5 kapena 6, mulu ukumatembenuzidwa. Mnofu umasasa n'kusungunuka, m'kati mwa mulu mumatentha kufika madigiri 45 mpaka 50, ndipo kuwawa kwa njere kumachepa. Yachiwiri ndi kuyanika padzuwa kwa sabata imodzi kapena ziwiri, pamathandala ofanana ndi aja timayanikapo usipa. Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya njere zouma pamafunika zipatso zoposa 20, ndipo mitengo yambiri ya alimi ang'onoang'ono siifikitsa n'komwe kilogalamu imodziyo pachaka. Owerenga asunge chiwerengero chimenechi, chifukwa ndicho muyeso wa thukuta limene nkhani yonse yotsatirayi ikunena.

Njere imene inali ndalama

Ofukula zakale anapeza zizindikiro za koko m'ziwiya za pamalo otchedwa Santa Ana-La Florida ku Ecuador, zosonyeza kuti anthu ankamugwiritsa ntchito zaka pafupifupi 5,300 zapitazo. M'kupita kwa nthawi mtengowu unafika ku Central America ndi kumwera kwa Mexico. Anthu a mtundu wa Maya ankalemba dzina lake, kakaw, pazikho zadothi za mafumu awo, ndipo chimodzi mwa izo chinapezeka m'manda a ku Río Azul ku Guatemala chikadali ndi zotsalira za chakumwacho. Dzina lakuti koko limene timatchula lero ndi mdzukulu wa dzina limenelo.

Iwo koko sankamudya ngati switi, ankamumwa. Amayi ankakazinga njere, kuzipera pamphero, ndi kusakaniza ndi madzi, ufa wa chimanga, tsabola, vanila kapena maluwa onunkhira, nthawi zina ndi uchi. Shuga wa nzimbe sankamudziwa. Chakumwacho ankachitsanulira kuchokera pamwamba, kuchoka m'chikho china kupita m'chinzake, kuti chichite thovu, ndipo thovulo ndilo linkatamandidwa koposa. Chinkamwedwa pa maukwati, pa mapangano a mafumu, komanso pa miyambo yopembedza mafano imene ife timaidziwa kuti ndi shirk. Ulemu wotere umamvekanso m'dzina limene katswiri wa zomera wa ku Sweden, Carl Linnaeus, anaupatsa mtengowu mu 1753: Theobroma cacao, ndipo mawu oyambawo ndi a Chigiriki otanthauza chakudya cha milungu. Ife timati ndi riziki lochokera kwa Mulungu mmodzi yekha, amene alibe wothandizana naye.

Ufumu wa Aaziteki unali ndi likulu lake ku Tenochtitlan, pamene pali Mexico City lero. Mzindawo uli pamalo okwera mamita oposa 2,200, pozizira, ndipo koko sangamerepo. Choncho ankamupeza kudzera mwa amalonda oyenda maulendo ataliatali, komanso monga msonkho wokakamiza kwa mitundu imene anaigonjetsa, makamaka ya m'chigawo cha Soconusco m'mphepete mwa nyanja ya Pacific. Amtengatenga ankasenza kumsana mtolo wa njere 24,000 pa mtunda wa makilomita mazanamazana. Kulikulu, chakumwacho chinali cha mfumu, nduna, asilikali ndi amalonda olemera. Munthu wamba sankachimwa wambawamba, pakuti kumwa koko kunali kumwa ndalama.

Njerezo zinalidi ndalama, ndipo zinapitiriza kugwira ntchito imeneyi ngakhale Azungu atafika. Chikalata cha mitengo ya pamsika wa Tlaxcala cha mu 1545 chimasonyeza kuti nkhukundembo yaikazi inkagulidwa njere 100, yaimuna njere 200, kalulu wamng'ono njere 30, dzira la nkhukundembo njere 3, ndipo tomato wamkulu njere imodzi. Ndalamayi inali ndi khalidwe lakelake: inkawonongeka ikakhalitsa, kotero munthu sankatha kuikwirira pansi kwa zaka zambiri. Koma achinyengo sanasowe. Wansembe wa ku Spain, Bernardino de Sahagún, amene analemba za moyo wa Aaziteki, anafotokoza za ogulitsa amene ankaumba njere zabodza ndi phula kapena tizidutswa ta nthangala ya mapeyala, n'kuzikuta ndi makoko a njere zenizeni. Qur'an yolemekezeka ili ndi sura yathunthu, ya 83, yotchedwa Al-Mutaffifin, imene imayamba ndi kudzudzula ochepetsa muyeso. Msika wa ku Mexico ukutionetsa kuti matendawa sasankha mtundu wa anthu.

Kuwoloka nyanja

Azungu oyamba kuziona njerezi anali a paulendo wachinayi wa Christopher Columbus. Mu 1502, pafupi ndi chilumba cha Guanaja kufupi ndi Honduras, anagwira bwato lalikulu la amalonda. Mwana wa Columbus, Ferdinand, analemba za momwe eni bwatolo ankathamangira kutola njere iliyonse ikagwa pansi, ndipo alendowo sanamvetse chifukwa chake. Amene anamvetsa ndi Hernán Cortés ndi asilikali ake, omwe anafika ku Mexico mu 1519 n'kugonjetsa Tenochtitlan mu 1521. Iwo anaona kuti kuno ndalama zimabereka m'mitengo, ndipo msonkho umene unkapita kwa mfumu ya Aaziteki anautembenuzira kwa iwo eni.

Mu 1544 nthumwi za Amaya a mtundu wa Kekchi zinapita ku Spain limodzi ndi ansembe, ndipo mwa mphatso zimene zinapereka kwa kalonga Philip munali chokoleti. Mu 1585 katundu woyamba wolembedwa m'mabuku a malonda anachoka ku Veracruz kupita ku Seville. Aspanya anachotsamo tsabola wambiri, nathiramo shuga ndi sinamoni, n'kumamwa chotentha. Chizolowezicho chinafalikira ku Italy ndi ku France, ndipo mu 1657 chinali chikugulitsidwa ku London. Konseko chinali chakumwa cha m'nyumba za mafumu ndi za anthu achuma.

Chakumwa chatsopanochi chinabutsa mtsutso pakati pa Akatolika: kodi munthu akamwa pa tsiku losala, wamasula kapena ayi? Mu 1636 Antonio de León Pinelo anasindikiza buku lathunthu ku Madrid pa funso limeneli. Kwa ife funsolo silikanavuta, pakuti pa swaumu ngakhale madzi amamasula. Koma ma ulama athu nawo anali ndi mtsutso wawo pa chakumwa china chachilendo. Khofi, amene anafala kuchokera ku Yemen, analetsedwa ku Makka mu 1511 asanaloledwenso. M'mayiko a Asilamu khofiyo ndiye anakhazikika, kenako tiyi, ndipo chokoleti sichinapeze malo aakulu.

Pamene ku Ulaya ankakangana za kusala, ku America olima ankatha. Nthomba, chikuku ndi matenda ena amene anabwera ndi Azungu, pamodzi ndi ntchito yokakamiza, zinapha anthu ambiri a eni dziko, ndipo minda ya ku Soconusco inalowa pansi. Ulimiwo unasamukira ku Venezuela, ku Guayaquil, kuzilumba za Caribbean ndi ku Brazil, ndipo m'madera ambiri mwa amenewa amene analowa m'malo mwa akufawo anali akapolo ochokera ku Africa. Shuga wothira m'chikhomo nayenso ankalimidwa ndi akapolo. Wakumwa wa ku Madrid kapena ku Paris ankamwa thukuta la magulu awiri a anthu amene sanawaonepo.

Kenako makina anasintha zonse. Theka la njere ya koko ndi mafuta, ndipo mu 1828 banja la Van Houten ku Netherlands linapanga makina ofinya mafutawo kuti patsale ufa wosungunuka mosavuta. Mu 1847 kampani ya Fry ku Bristol inabwezera mafutawo mu ufa ndi shuga n'kuumba chokoleti cholimba, chotafuna. Ku Switzerland, Daniel Peter anaphatikizamo mkaka mu 1875, ndipo mu 1879 Rodolphe Lindt anapeza njira yochisalalitsa kuti chizisungunuka m'kamwa. Mtengo unatsika, wantchito wa m'fakitale anayamba kugulira ana ake, ndipo njere zinayamba kufunidwa zambiri kuposa zimene America akanatha kupereka.

Koko afika mu Africa

Apwitikizi ndiwo anabweretsa mtengowu kuchokera ku Brazil kudzafika ku zilumba za Príncipe ndi São Tomé, kumadzulo kwa Africa, kuyambira m'zaka za m'ma 1820. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, tizilumba timeneti tinali m'gulu la malo otumiza kunja koko wambiri padziko lonse. Ukapolo unali utathetsedwa m'malamulo a Portugal m'zaka za m'ma 1870, koma anangosintha dzina lake. Anthu ankagwidwa kapena kugulidwa m'katikati mwa Angola, n'kuyendetsedwa pansi mpaka kugombe la Benguela, ndipo kumeneko ankawalembera mapepala onena kuti avomera okha kugwira ntchito zaka 5. Zakazo zikatha, pepala linkalembedwanso. Kwa zaka zambiri panalibe amene anabwerera kwawo, ndipo ana obadwira m'maesitetimo ankakula ali antchito a mwini munda.

Mtolankhani wa ku Britain, Henry Nevinson, anayenda njira ya akapoloyo n'kufalitsa zimene anaona m'buku lotchedwa A Modern Slavery mu 1906. Kampani ya Cadbury, imene eni ake anali Akhristu a mpingo wa Quaker odziwika ndi kudana ndi ukapolo, inali m'gulu la ogula akuluakulu a koko wa ku São Tomé. Inamva za nkhanzazi mu 1901, inatumiza Joseph Burtt kukafufuza mu 1905, koma inasiya kugula mu 1909, pamodzi ndi makampani a Fry ndi Rowntree. Nyuzipepala ya Standard itawadzudzula chifukwa cha kuchedwa kumeneku, a Cadbury anakasuma ndipo anapambana mlandu, koma khoti linawagamulira chipukutamisozi cha kakhobidi kamodzi, kochepetsetsa m'ndalama za Britain. Anthu anamva chimene chigamulocho chinkatanthauza.

Nkhaniyi siili kutali nafe. Kuyambira mu 1908 olemba antchito a ku São Tomé anayamba kutenganso anthu ku Mozambique, dziko limene tagawana nalo nyanja ndi abale. Mchitidwe wobisa ntchito yokakamiza pansi pa dzina lina makolo athu anauona pa thangata m'maesiteti a Nyasaland. Ndiponso ife a m'mphepete mwa nyanja sitingaloze chala Apwitikizi n'kuiwala zimene zinkachitika ku Nkhotakota m'nthawi ya a Jumbe, pamene anthu ankawolotsedwa nyanja kupita ku Kilwa, ndipo ena mwa ochita malondawo anali ndi mayina a Chisilamu. Banja la Cadbury linali lopemphera, ndipo enawo ankaswali. Chipembedzo chikakhala cha pakamwa, phindu limachigonjetsa.

Pamene mlimi anali mwini mtengo

Ku Gold Coast, kumene lero ndi ku Ghana, mbiriyi inatenga njira ina. Amishoni a ku Basel anali atayesapo kudzala koko, koma amene amakumbukiridwa ndi Tetteh Quarshie, wosula zitsulo amene anakagwira ntchito pachilumba cha Fernando Po n'kubwerera ndi zipatso za koko, nadzala ku Mampong cha m'ma 1879. Anansi ake ataona, anayamba kugula zipatsozo kuti adzale. Alimi ankasonkherana ndalama, kugula nkhalango kwa mafumu a madera ena, ndi kugawana malowo molingana ndi zimene aliyense wapereka. Misewu isanafike, ankakunkhuniza migolo ya njere mpaka kugombe. Pofika mu 1911 Gold Coast inali patsogolo pa mayiko onse potumiza koko kunja, ndipo ntchito yaikuluyi anaichita ndi alimi achikuda pa minda yawoyawo, popanda maesiteti a Azungu.

Komabe sikelo inali m'manja mwa ena. Mu 1937 makampani a ku Ulaya ogula koko anapangana kuti asamapikisane pa mtengo. Alimi, mothandizidwa ndi mafumu awo, anakana kugulitsa kuyambira mu November 1937 mpaka April 1938, ndipo anasiyanso kugula katundu wambiri wa m'masitolo a makampaniwo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mgwirizano wawo unakakamiza boma la Britain kutumiza komiti yofufuza, yomwe inadzudzula pangano la ogulawo. Mu 1947 kunakhazikitsidwa bungwe la boma logula koko yense. Bungwelo linateteza mlimi ku kusinthasintha kwa mitengo, koma kwa zaka zambiri linkamulipira zochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa kunja, ndipo zotsalazo zinkapita ku boma. Alimi athu a thonje, mtedza ndi fodya amene ankagulitsa ku ADMARC m'zaka za m'ma 1970 njira imeneyi akuidziwa.

Asilamu ali m'kati mwa mbiri imeneyi, ngakhale satchulidwa kawirikawiri. Nkhalango za koko zili kumwera kwa Ghana ndi Côte d'Ivoire, koma manja ambiri olima anachokera kumpoto kouma: ku Burkina Faso, ku Mali ndi kumpoto kwa mayiko awiriwo, ndipo ambiri mwa iwo ndi abale athu m'Chisilamu. Ankagwira ntchito pa pangano lotchedwa abusa, limene wosamala munda amatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a zokolola. M'matauni a ku Ghana anamanga madera awo otchedwa zongo, okhala ndi mizikiti ndi madrasa. Ku Côte d'Ivoire, mtsogoleri woyamba Félix Houphouët-Boigny, yemwe anali mlimi wa koko ndiponso anatsogolera lamulo la mu 1946 lothetsa ntchito yokakamiza m'mayiko olamulidwa ndi France, analimbikitsa obwera kuti atsegule nkhalango, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 dzikolo linapitirira Ghana. Koma nkhalango zitatha ndipo mitengo itatsika, anthu anayamba kufunsana kuti mwini dziko ndani, mlendo ndani. Funso limenelo linali limodzi mwa zimene zinabutsa nkhondo yapachiweniweni ya mu 2002. Ku Indonesia nako, alimi a Chisilamu a mtundu wa Bugis pachilumba cha Sulawesi anakuza ulimiwu m'zaka za m'ma 1980 mpaka dziko lawo linakhala m'gulu la olima akuluakulu.

Lero dziko lonse limakolola matani pafupifupi 5 miliyoni pachaka, ndipo pafupifupi theka amachokera ku Côte d'Ivoire ndi Ghana. Pa ndalama imene wogula amapereka m'sitolo pogula chokoleti, gawo lofika kwa mlimi silikwana limodzi mwa magawo 10. Mu 2001 makampani akuluakulu anasaina pangano lotchedwa Harkin-Engel lolonjeza kuthetsa ntchito zoopsa za ana m'mindamo, koma kafukufuku wa bungwe la NORC la pa University of Chicago, wotuluka mu 2020, anapeza ana pafupifupi 1.56 miliyoni akugwirabe ntchito m'minda ya koko m'mayiko awiriwa. Ambiri ndi ana othandiza makolo awo osauka, atanyamula zikwanje ndi matumba olemera. Mu 2024, matenda a mitengo ndi kusokonekera kwa mvula zitachepetsa zokolola, mtengo pamsika wa ku New York unapitirira madola 10,000 pa tani. Alimi a m'mayiko awiriwa, amene mtengo wawo umaikidwa ndi boma nyengo isanayambe, analandirako pang'ono chabe. Alipo ambiri pakati pawo amene akalamba akulima koko koma chokoleti sanachilawepo.

Zimene zikutikhudza

Kumpoto kwenikweni kwa nyanja yathu, tikawoloka mtsinje wa Songwe kuchokera ku Karonga, kuli boma la Kyela ku Tanzania. Mapiri ozungulira amagwira mvula yambiri, ndipo kumeneko ndi kumene kumachokera koko wambiri wa dziko la Tanzania, wolimidwa pakati pa nthochi pafupi ndi nyumba. Koma nyanja imodzi si nyengo imodzi. Ku Mangochi, Makanjira ndi Salima mvula imasiya mu April n'kudzayambanso kumapeto kwa chaka, ndipo mtengo umene taufotokoza uja sungapirire chilimwe chotere popanda mthunzi wokwanira ndi kuthirira kosalekeza. Wina akabwera ndi mbande pamodzi ndi malonjezo a mitengo ya ku New York, tiyambe tafunsa alangizi a zaulimi, ndipo tidziwe kaye amene adzagule zokololazo ndi sikelo imene adzayezere.

Pa funso la halaal, koko weniweni alibe vuto. Pa kuvundika paja pamatuluka timowa pang'ono m'mnofu, koma timasanduka viniga n'kuuma pa kuyanika ndi kukazinga, ndipo ufa wa koko suledzeretsa. Mawu akuti cocoa liquor olembedwa papaketi amatanthauza njere zoperedwa basi. Oyenera kuwapewa ndi mawu akuti liqueur, rum, brandy kapena whisky, chifukwa amenewo ndi mowa wothiridwamo dala, ndiponso gelatin amene sakudziwika nyama imene anachokera. Chidindo cha halaal cha bungwe lodalirika chimatichotsera chikayiko.

Koma Qur'an ikamatiuza za chakudya, mawu akuti halaal imawayendetsa limodzi ndi akuti twayyib, chabwino ndi choyera, ndipo Mtumiki Muhammad (swallallahu alayhi wasallam) anatiphunzitsa kuti wantchito alipidwe mokwanira ndiponso mosachedwa. Mitengo ya ku New York sitingaisinthe tili ku Malindi kapena ku Chipoka. Chimene chili m'manja mwathu ndi gawo la alovi amene achezera usiku wonse panyanja pa bwato lathu, malipiro a waganyu amene watipalira m'munda wa mpunga, sikelo ndi chigoba zimene timagulira mbewu kwa amayi a kumudzi, komanso mwana wa msinkhu wa sukulu ndi madrasa amene timam'tuma kukakoka khoka chifukwa safuna malipiro ambiri. Ogula koko wa ku São Tomé ankatha kunena kuti mundawo uli kutali ndipo sanauone. Ife amene amativutikira timawadziwa mayina, timadziwa ana awo, ndipo Lachisanu timaima nawo pamzere umodzi mumzikiti.

Allah atipatse riziki la halaal ndi loyera, ndipo atiteteze kuti tisadye thukuta la munthu popanda kum'patsa zake. Amin.